Povo Wouma wa Dona Deolinda

Chibwerereni Dona Deolinda ku Portugal, kumene mwana wawo Yolanda adawatengera kukazungulira matauni a m'mphepete mwa nyanja n'kumangodya, pa Fíngoè palibe khutu lomwe lapuma. Tsono ku Portugal kumeneko kuli chinyama cha m'madzi chomwe eniake amati polvo, koma Dona Deolinda chilembo cha l chija adachiiwala m'ndege, iwo amangoti povo, chonsecho povo kuno tonse timadziwa kuti ndi anthu wamba. Sadaonepo vuto mpaka Lachitatu lija, pamene a Baltazar, malume ake a Adelina, adatsamiritsa njinga pamtengo wa mango kudzamva za chakudya cha paukwati wa Adelinayo ndi Edmundo, mwana wa Dona Deolinda. Ukwatiwo udali Loweruka lomwelo.

"Mwabwerako, amake Edmundo. Mudayenda bwanji?"

"Sikudali kuyenda kumene kuja, ankhoswe, kudali kudya. Kudzuka, kudya. Kukwera machimbombo, mabasi aja, tauni ina, kudya. Nazaré, kudya. Setúbal, kudya."

"Kudali maliro?"

"Maliro a ndani? Feriya. Tchuthi."

"Oho."

"Masana timapita ku jardim. Dimba lake kuchokera pano mpaka kumsika."

"Adadzalamo chiyani?"

"Maluwa."

"A maungu?"

"Maluwa basi, ongoyang'ana."

"Mukayang'ana?"

"Timatuluka."

A Baltazar adagwedeza mutu ngati amva za matenda. "N'chifukwa chake mumangomva njala."

"Njala kuti? Tikatuluka pamenepo, molunjika ku restoranti. Ndipo chomwe chidandikomera kuposa zonse, ankhoswe, ndi povo."

"Eya, zimamveka kuti ndi anthu aulemu."

"Sindikunena ulemu. Ndikunena m'kamwa. Wowotcha, kum'thira mafuta ndi adyo, pambali timbatata."

A Baltazar adali atanyamula kapu ya madzi. Adaibweza pansi osamwa.

"Povo wake uti?"

"Wa konko. Wa m'mphepete mwa nyanja."

"Amam'peza atafa yekha?"

"Iii, wofa yekha angadye ndani? Amachita kum'tchera. Amaika mtsuko, iye n'kulowamo, kuyesa wapeza nyumba."

"Umphawi," adatero a Baltazar chapansipansi.

"Akam'gwira amayamba am'menya pamwala kuti afewe."

"Salira?"

"Ine sindidamve. Amangokuyang'ana. Ndipo ndi wanzeru, Yolanda akuti amatsegula botolo yekha."

"Nanga akanike bwanji."

Adakokera mpando wawo kumbuyo pang'ono. Dona Deolinda adaona, n'kuganiza kuti ndi dzuwa, paja la Okutobala pano silisewera.

"Inuyo mudadya mbali iti?"

"Dzanja. Ndiye lokoma. M'mbale mudali manja asanu ndi atatu, tidachita kugawana."

A Baltazar adawerenga zala. "Anayi."

"Tidali awiri, ine ndi Yolanda."

"Sindikunena odya."

"Mutu udali umodzi, adadya Yolanda. Ine mutu umandichititsa nseru."

"Itatu inayo idapita kuti?"

"Itatu iti?"

"Ndiye ndikufunsa."

Mpando udasunthanso. Ulendo uno Dona Deolinda adaona kuti pamenepo mthunzi ulipo wokwanira, ndipo adazindikira kuti ndi nsanje. Munthu amene ulendo wake wautali ndi wa ku Tete kokha, umuuze za nyanja, akondwe?

"Boma likudziwa zimenezi?"

"Boma limangoletsa ang'onoang'ono. Akam'peza sadakule amam'bweza kuti akayambe wanenepa."

"Apolisi?"

"Tebulo loyandikana nafe padali wapolisi. Adaitanitsa mbale ziwiri."

"Nanga a mpingo?"

"Pa Natale, tsiku la Khirisimasi, ndiye amadya mabanja athunthu, akangochoka ku misa."

"Mabanja athunthu," adabwereza a Baltazar. Adavula chipewa, n'kuchivalanso. "Amake Edmundo, ndinene mwaulemu. Povo ndi ife."

Dona Deolinda adaseka mpaka kugwira m'nthiti. Sadadziwe kuti ankhoswewa ali ndi nthabwala.

"Inu? Inu mwakhwima, ankhoswe. Tingakumenyeni pamwala mpaka Lamulungu, osafewa."

A Baltazar adadzuka, n'kukaima kuseri kwa njinga yawo.

"Khalani pansi, nkhani yeniyeni sindinaiyambe. Mwabwera kudzamva za chakudya, si choncho? Ndabwera naye mmodzi."

"Ndani?"

"Povo. Wouma. Ku Nazaré amawayanika pamchenga, atawatambasula chonchi." Adatambasula manja, mutu n'kuupendeketsa.

"Ali kuti pano?"

"M'chikwama, pansi pa kama."

"Mumagona naye m'chipinda?"

"Nanga ndim'siye panja agalu adye?"

"Adakwana bwanji m'chikwama?"

"Akauma amachepa."

"Pabwalo la ndege sadafunse?"

"Ndidam'kulunga m'kapulana yanga, chitenje chija chakutchalitchi. Tsono ndaganiza chonchi. Lachisanu ndim'viika, Loweruka ndim'dula tizidutswa mumpunga, aliyense alaweko. Woyamba Adelina, pakuti ndiye akulowa m'banja mwathu. Azolowere."

"Ukwati kulibe."

Dona Deolinda manja adatsala m'malere.

"Mwati bwanji?"

"Ndati kulibe. Ndikauza makolo ake lero lomwe."

Apa Dona Deolinda adaona kuti zavuta. Mbuzi zidali zitamangidwa kale kuseri, chimera chitaviikidwa, abale a ku Malowera ali m'njira pa lole ya thonje. Ndiye Edmundo, amene miyezi iwiri wakhala akupukuta nsapato zomwezo tsiku ndi tsiku, akamuuza chiyani? Koma kupepesa pa chinthu chomwe sadalakwe, Dona Deolinda sadabadwire zimenezo.

"Ngati nkhani ndi yoti akazi anu a Benilde amafuna ndiwo akhale wamkulu wa miphika, nenani poyera."

"Benilde asakhudze mphika umenewo."

"Ndiye vuto n'chiyani? Mafuta? Ndabwera nawo. Adyo ndigula."

"Vuto si adyo."

"Simudalaweko n'komwe. Lawani kaye kachala kamodzi."

"Mayi, ndili ndi ana."

"Atengereniko."

A Baltazar adagwira zigwiriro za njinga zolimba, n'kulankhula moyang'ana tayala. "Mwana wa mlongo wanga ndidamulera ndekha tili ku Zambia, nthawi ya nkhondo amake akudwala. Sindingam'pereke ku mtundu wodya anthu."

Kuseri kwa mpanda, kwa a Fatima, mtondo udasiya kulira. Paja a Fatima akasiya kusinja pakati, dziwani kuti pofika madzulo nkhani ili ku Chipera.

"Wadya munthu ndani?" adafunsa Dona Deolinda, mawu atatsika.

"Mwanena nokha."

"Ine ndanena povo."

"Eya."

"Povo, osati povo."

"Mwanena kawiri chimodzimodzi."

"Ayi. Kuli povo uyu wa pamsonkhano, amene amaomba m'manja. Ndiye kuli povo wa m'madzi."

"Asodzi?"

"Osati asodzi. Wosodzedwa."

"Womira?"

"Ankhoswe, mudapitako kusukulu?"

"Mpaka kalasi yachinayi. Aphunzitsi adati povo ndi anthu. Sadanene kuti ena ndi ndiwo."

Pamenepo m'mutu mwa Dona Deolinda mudabwera mawu a Yolanda ku restoranti kuja, akuti amama, pakati pali l, musamam'dumphe, anthu akutiyang'ana. Adawakumbukira bwinobwino. Koma munthu wokhala milungu itatu ku Portugal avomere pamaso pa a Baltazar kuti Chiputukizi chimam'pita m'mbali? Komanso a Fatima akumva?

"Makutu anu ndiwo ali ndi vuto. Kumeneko amatchula momwemo."

"Ndiye kumeneko ndi koopsa."

"Imani pomwepo. Ndikum'tulutsa."

"Musatulutse. Mukaike mwaulemu, ndi nyimbo."

"Ndati imani."

Adalowa m'nyumba. Kudamveka chikwama chikukhwekhwerezeka pansi. A Baltazar adakweza mwendo umodzi panjinga, koma unyolo udali utagwa, ndiye adangotsala choncho, mwendo m'mwamba. Dona Deolinda adatuluka ndi kapulana, adaiyala pampando, n'kufunyulula pang'onopang'ono, mokweza mawu kuti ndi kuseri kwa mpanda komwe kumve.

"Nayu munthu wanuyo. M'patseni moni."

A Baltazar adatsegula diso limodzi. Kenaka linalo. Adatsitsa mwendo, n'kuyandikira chammbali ngati nkhuku yaona njoka.

Chinthucho chidali chofiirira, chophwatalala ngati chikopa cha mbuzi, mutu ngati thumba la fodya, manja ataliatali opotana, lililonse lili ndi timabatani mizere iwiri mpaka kunsonga. Fungo lake ntchentche zidafika zisadaitanidwe.

A Baltazar adatola kamtengo, n'kuwerenga. "Asanu ndi atatu."

"Ndidanena."

"Mutu umodzi."

"Ndidanena."

"Miyendo ili kuti?"

"Ndi yomweyo."

"Mwati ndi manja."

"Akafuna kuyenda ndi miyendo, akafuna kugwira ndi manja."

"Pakamwa?"

"Pansi, pakati pa manja."

"Pakati pa miyendo."

"Ankhoswe."

"Ndikungofunsa. Timabatani iti n'ta chiyani?"

"Toyamwira. Akakugwira sakusiya."

"Ndiye inu, mayi wa mpingo, mudakwera ndege, kudutsa maiko, kukakhala pampando, n'kuika ichi m'kamwa?"

"Kanayi. Ndipo ndidanyambita mbale."

A Baltazar adataya kamtengo kaja kutali, n'kupukuta dzanja pa buluku.

"Ukwati ulipo," adatero potsiriza. "Koma ichi chisayandikire mpunga. Chisayandikire Adelina. Chisatuluke m'chikwama mpaka abale onse atabwerera kwawo."

Dona Deolinda adapumira m'mwamba, koma nkhope sadaifewetse. Adayamba kukulunga kapulana yawo mwaulemu wonse.

"Chabwino, ndidya ndekha. Koma muvomere pano, mokweza, a Fatima amve. Mwaona kuti si munthu?"

"Ndaona."

"Ndiye mukawauza chiyani abale anu akafunsa?"

A Baltazar adawerama kubwezeretsa unyolo, adayang'ananso kansonga ka dzanja kamene kadatulukira m'kapulana, n'kutsitsa mawu.

"Tingowauza kuti mudadya munthu, amake Edmundo. Zimenezo mwina angakukhululukireni."