Masekondi Khumi

Lachisanu masana mayi a Kabwana anatseka saluni yawo kasitomala wina akadali ndi theka la mutu losaluka, n'kuthamangira kunyumba kukajambula vidiyo ya mphindi zisanu imene inkafunika m'mawa mwake ku gulu la makolo. Kabwana, mwana wawo wa zaka zinayi, anali ndi otizimu, vuto lochititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu, ndipo anali asanatulutsepo liwu ngakhale limodzi, n'chifukwa chake Loweruka lililonse iwo ndi amuna awo ankakapanikizika pa timipando ta ana kuchipatala, kukaphunzitsidwa kucheza ndi mwana wobereka okha.

Amuna awowo ankagwira ntchito yowerenga mamita a madzi, ndipo chilichonse cholembedwa papepala kwa iwo chinali lamulo. Mayiwo anawapeza atagona chafufumimba pabalaza, chibwano pa kapeti, moyang'anizana ndi mwanayo, amene ankandandalika mapegi oyanikira zovala. Foni inali itatsamira chitini cha shuga pampando.

"Bambo a Kabwana, mwagwa kapena ndi mapemphero atsopano?"

Bambowo anayang'ana wotchi yapamkono.

"Ndikulankhula ndi inu."

"Ndili pa msinkhu wa mwana," anayankha patapita kanthawi. "Tsamba lachiwiri. Maso a kholo alingane ndi maso a mwana."

"Nanga kuchedwa kuyankhaku?"

"Tsamba lachitatu. Musanalankhule, dikirani masekondi khumi."

"Amenewo ndi a mwana, si a ine."

Bambowo anatulutsa pepala la malangizo a kugulu m'thumba la shati, n'kuliwongola bwinobwino.

"Sanalembe kuti kupatula akazi anu."

"Chabwino. Nyumba ikadzayamba kupsa mudzadikirenso masekondi khumi musanakuwe."

"Za moto palibe apa."

Mphunzitsi wa gululo mayi a Kabwana anamupatsa dzina loti Mayi Dikirani, chifukwa m'milungu isanu ndi umodzi sanamvepo mankhwala ena kupatula amenewo. Chinkawawa kwambiri n'chakuti mankhwalawo ankaoneka kuti akugwira kwa anzawo. Mwana wa mayi wina wa wigi yofiira, wigi yoti munthu wodziwa tsitsi sangayang'ane kawiri, anali atafika pa mawu khumi ndi awiri. Iwo ankaomba nawo m'manja Loweruka lililonse, kenako n'kukalira m'bafa kunyumba. Ankangofuna liwu limodzi, ngakhale lotukwana.

Anavula nsapato, n'kugwada pa kapeti.

"Yatsani foniyo. Muone mmene amachezera anthu amoyo."

Bambowo anadina, n'kutenga buku lawo la mamita ndi pensulo.

"Kabwana wanga, ichi n'chiyani? Ndi pegi? Ndi yofiira kapena yabuluu? Tanena pegi. Pe. Pe-gi. Wakupatsa ndani? Amayi ndi ndani? Amayi ali kuti? Si awa? Inu, mukulemba chiyani m'bukumo?"

"Asanu ndi atatu."

"Asanu ndi atatu chiyani?"

"Asanu ndi anayi. Mafunso. Tsamba lachinayi likuti muwachepetse."

"Mafunso ofunsa inu sawerengedwa."

"Mita ikazungulira sindifunsa kuti madzi wamwa ndani."

"Ndiye tationetsani, akatswiri."

Bambowo anabwerera chafufumimba. Anatenga pegi imodzi, n'kuiika kumapeto kwa mzere wa mwanayo.

"Pegi," anatero, n'kuyang'ana wotchi.

Panja panadutsa njinga yamoto. Kabwana anachotsa pegi ya bambo ake, n'kuikapo ina ya mtundu woyenera.

"Pegi yabuluu," anatero bambowo, n'kuyang'ananso wotchi.

"Mwanayu adzafika ku sekondale inu muli pa pegi yachitatu."

"Aphunzitsi anati kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndinabereka nkhono ine?"

"Ayi. Koma nkhono ili ndi maso ndithu, ndinafufuza."

"Tamverani kuno. Ine ndakhala ndikuluka tsitsi zaka khumi ndi zitatu. Kasitomala akangoti chete ndiye kuti wakwiya, mawa sabweranso. Munthu amalankhula akamva anzake akulankhula. Kodi ndowa imadzaza mpopi uli wotseka?"

"Ikadzaza mumatseka. Mukapanda kutseka madzi amangotayika pansi."

"Sindikunena za madzi."

"Mwanena ndowa."

Mayi a Kabwana anadzuka, n'kugwira m'chiuno. Amuna awo anawayang'ana kuchokera pansi pomwepo, mwaulemu wonse.

"Amayi aimirira," anatero pang'onopang'ono. "Amayi agwira m'chiuno."

"Mukutani?"

"Tsamba lachisanu. Nenani zimene mukuona, kuti mwana amve mawu ake. Amayi atuzula maso."

"Mukapitiriza, mwanayu aphunzira lero kuti amayi agenda chipeso."

"Chipeso ndi liwu labwino. Nalonso lili ndi pe."

Anajambula kachiwiri. Ulendo uno mayi a Kabwana anapirira masekondi anayi athunthu, ndipo anatuluka thukuta ngati anyamula thumba la simenti. Ulendo wachitatu bambowo anasonkhanitsa mapegi ofiira, amene mwanayo ankawakonda koposa, n'kuwaika m'botolo loonekera, n'kumanga chivindikiro.

"Nanga nkhanza zimenezi n'zochokera tsamba liti?"

"Lachisanu ndi chimodzi. Ikani chimene mwana amakonda poti akuchiona koma sangachitenge yekha, kuti apeze chifukwa chopemphera."

"N'chifukwa chake Lachiwiri ndinapeza makiyi a saluni m'botolo?"

"Amawakonda."

"Ndinatsegula saluni mochedwa ndi maola awiri."

"Simunapemphe."

Kabwana anatenga botolo lija, n'kuligwedeza. Asanatembenuke n'komwe, amayi ake anali atalilanda kale, atatsegula, mapegi ali m'manja mwake.

"Ndi awa, mwana wanga, ndi awa. Wawafuna? Akumana ndani? Ababa?"

"Mwatsegula pa sekondi yachiwiri."

"Ndine mayi wake. Ndimadziwa chimene akufuna iye asanachifune. Mwana wanga azipempha zinthu zake zomwe ngati mlendo?"

Bambowo analemba kanthu m'buku. Mayiwo anayang'ana wotchi yapakhoma, n'kukumbuka mutu uja anausiya theka, n'kukumbukanso wigi yofiira. Anatsitsa mawu.

"Tamverani, bambo a Kabwana. Tisavutike. Inu mubisale kuseri kwa sofa. Ine ndikagwira botolo, inu munene kuti amayi, ndi timawu tating'ono."

"Ndinene ngati ndani?"

"Ngati mwanayu. Adzatembenukira uko, pakamwa sipadzaoneka."

"Limenelo ndi bodza."

"Ndi chithandizo. Amati makolo azithandiza."

"Kuntchito kwathu wolemba mita yopeka amachotsedwa."

"Kugulu kuja sangakuchotseni, amakukondani. Ndinu kholo lokhalo lobwera ndi rula."

"Komanso mawu anga ndi a besi."

"Ndiye tidzati mwana wachedwa kulankhula mpaka mawu atsika. Inu, mawa anthu asanu ndi atatu akaonera vidiyo yathu pakhoma paja. Aliyense akabwera ndi kanthu. Uyu wanena mpira, uyu wanena bayi. Ife tikaonetsa chiyani? Mwamuna wamkulu akusambira pa kapeti?"

"Tili nacho chooneka."

"Chiti?"

Nkhope ya bambowo inawala, monga imawalira akapeza paipi yodontha imene anzawo onse aiphonya. Anatenga foni, n'kubweza vidiyo yoyamba ija.

"Ndaziwerengera. Mphindi zisanu, mafunso makumi anayi ndi limodzi. Koma si zimenezo. Yang'anani apa, musayang'ane inuyo, yang'anani pakamwa pa mwana."

Mayi a Kabwana anawerama monyinyirika. Pa foni paja anaona Kabwana atagwira pegi, akukweza mutu pang'ono. Milomo yake inatseguka. Pomwepo panamveka mawu awo, okoma, achikondi, akufunsa kuti amayi ali kuti. Milomo ija inatsekeka.

"Ndi kamodzi," anatero bambowo mokondwa. "Onaninso apa. Kawiri. Ndipo apa anakoka mpweya ndithu, mukuona phewa? Katatu. Katatu konse inu mwamudutsa ndi sekondi imodzi yokha. Ndi nkhani yabwino kwambiri. Ndiye kuti m'paipi muli madzi."

Ananena zimenezi opanda chiwembu chilichonse, chifukwa chiwembu chimafuna munthu woganiza mokhota. Anabwezera mapegi ofiira m'botolo, n'kumanga, n'kutsamiritsa foni pa chitini cha shuga, n'kudina.

"Ulendo wachinayi. Yambani, mayi."

Mayi a Kabwana sanayambe. Anakhala pansi, miyendo atatambasula, manja pamiyendo. Zaka zinayi zonse ankaganiza kuti akumenya nkhondo ndi chete wa mwana wawo: ankamuimbira pomusambitsa, kumufotokozera mitengo pamsewu, kumuyankhira anthu akamupatsa moni kuti asachite manyazi. Tsopano anachita mantha kuti mwina chitseko chimene ankagogoda usana ndi usiku anali atachitsamira okha. Zinawapweteka kuposa mawu onse amene apongozi ndi anthu a m'basi anawalankhulapo.

Bambowo anayang'ana wotchi. Khumi anakwana. Anagwedeza mutu moyamikira. Makumi awiri anakwana. Pa makumi atatu anasiya kuyang'ana wotchi, n'kuyang'ana akazi awo. M'zaka zisanu ndi zinayi za ukwati anali asanawamvepo ali chete, ngakhale m'tulo.

"Mayi a Kabwana, khumi akwana kale."

Chete.

"Pepala likuti khumi, silikuti mpaka kalekale. Mukundimva? Mwakwiya?"

Chete.

"Ndi mafunso aja? Mwina ndawerenga molakwa. Mwina ndi makumi anayi okha. Ndichotsepo limodzi? Ndichotse onse ofunsa ine?"

Kabwana anali atatenga botolo lija. Analigwedeza, analiluma chivindikiro, kenako anakwawa n'kukaliika pamiyendo pa amayi ake. Mayiwo analiona, koma kwa nthawi yoyamba sanalitsegule.

"Mukumva chizungulire? Mwadya masana? Ndi shuga kodi? Kapena ndi mankhwala a tsitsi aja mumapuma tsiku lonse?"

Mwanayo anagwira dzanja la amayi ake, n'kuliika pa chivindikiro. Dzanjalo linangokhala pomwepo. Kabwana anadikira. Anakweza mutu pang'ono, phewa linakwera.

"Ndiitane achemwali anu? Ndikatenge madzi? Ozizira kapena wamba? Chabwino, sofa ija ndibisala, ndinene ka amayi kamodzi, mwamva? Ndiyambe?" anatero bambowo akukwawira kuseri kwa sofa.

"Tse," anatero Kabwana.

Kanali kamawu kakang'ono, kosasa, kopita ku dzanja osati ku nkhope, koma mayi a Kabwana anakamva mpaka m'mafupa. M'kamwa mwawo munadzaza nthungululu, nyimbo, mafunso makumi anayi ndi limodzi atsopano. Anameza zonsezo. Anapotokola chivindikiro pang'onopang'ono, misozi ikugwera pa botolo.

"Tsegula," anatero motsitsa, n'kusiyira pomwepo.

Kabwana anakhuthula mapegi ake, n'kubwerera ku mzere wake, monga munthu amene wamaliza ntchito ya muofesi. Bambo ake anatulukira kuseri kwa sofa, fumbi m'mawondo.

"Mwatsegula? Bwanji mwatsegula? Pepala likuti mpaka apemphe."

"Wapempha."

"Ndani?"

"Tilipo angati muno?"

Bambowo anayang'ana mwana, anayang'ana botolo, anayang'ana akazi awo. Pensulo inagwa.

"Walankhula? Ndi pakamwa? Liti? Ine ndinali pomwepa. Milungu isanu ndi umodzi ndili pa kapeti ndi wotchi, mayi, mimba yonseyi yadzaza zipsera. Wati chiyani? Kabwana, wati chiyani? Tanenanso. Ababa ndi ndani? Ababa ali kuti? Mayi, chonde, wati chiyani?"

Mayi a Kabwana anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anatambasula mkono, n'kuzimitsa foni imene inali ikujambulabe, n'kuiika m'thumba mwawo.

"Mukamva mawa pamodzi ndi gulu, ngati kangamveke," anatero. "M'vidiyomu muli kholo lina silitseka pakamwa."