Girish Hebbar, Amene Anakana Kusaina

Malemu Bambo Girish Hebbar anabadwa pa 9 Malichi 1958 ku Sirsi. Ine ndine Umesh, mng'ono wawo, ndipo ndiyankhula m'malo mwa banja. Anaphunzira zauinjiniya ku Mysore, ndipo mu 1984 anakwatira Mayi Sumitra, alamu anga ali apawa.

Mu 1985 anayamba ntchito kuno ku Bengaluru, kumalo oyesera mainjini a ndege. Ntchito yawo inali kuyeza mphamvu imene injini imataya ngati kutentha chabe m'malo mokankha ndege. Phokoso la kumeneko linawagonthetsa khutu lamanzere, koma sanadandaulepo.

Mu 2003, pa tsiku lodalitsa zipangizo, anzawo anaveka injini yatsopano maluwa n'kuipaka phala lonunkhira, monga timachitira tonse chaka ndi chaka. Phalalo linatseka timabowo toyezera mpweya. Atayesa injiniyo manambala anatuluka okoma, mabwana mpaka kugawa maswiti. Achimwene anakayika. Anatsukula timabowo tija, n'kuyezanso, ndipo anapeza kuti injiniyo imataya mphamvu yochuluka moti ikanagwetsa ndege n'kupha mwana wa munthu. Anakana kusaina kuti ili bwino.

Abale inu, anawanena kuti anyoza mwambo, munthu amene sankalawa ngakhale tiyi asanapemphere! Mabwana anawachotsa n'kuwaponya kosungira katundu kuti aziwerenga mabawuti. Injini ija inasiyidwa mwakachetechete mu 2006, koma palibe anabwera kudzavomera kuti a Hebbar ankanena zoona. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindibisa.

Anapuma ntchito mu 2018, akudikirabe chinthu chimodzi chokha: kalata yoyeretsa dzina lawo. Wamakalata akangodutsa pamsewu, ankafunsa kuti, "Sumitra, yanga palibe?" Mu Januwale 2024 anafa ziwalo mbali imodzi, kuyankhula n'kutha, koma maso anali pageti basi. Anatisiya pa 2 Epulo.

Asiya mkazi, ana awiri, Deepa ndi Raghav, ndi zidzukulu zitatu. Tikuthokoza anamwino, anansi amene akhala akutiphikira masiku onsewa, komanso Bambo Nazeer, okhawo akuntchito amene ankabwera kudzazonda matenda.

M'mawa uno akuluakulu akuntchito atumiza nkhata ya maluwa. Alamu anapisa dzanja m'bokosi lomwe nkhatayo inabweramo kawiri konse, kalata mulibe. Nkhatayo taisiya kunja kwa geti, amene mwabwera nayo muitenge potuluka.

Achimwene, basi, lekani kuyang'ana pageti. Mzimu wanu uuse mumtendere.