A Shigeharu Nukui, a Tatsue Uozumi ndi Supageti wa pa Chitsulo

Malemu athu a Shigeharu Nukui anabadwa pa 9 Febuluwale 1946 konkuno ku Kushiro, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zingwe ndi maukonde ya bambo athu, a Genzo Nukui, ndi mayi athu, a Matsu. Anali oyamba mwa ana atatu. Wachiwiri ndine Mineko, mlongo wawo, amene ndaima pano. Otsiriza ndi a Akimitsu, amene akhala kutsogoloku ngati eni maliro.

Ambiri mumayembekezera kuti mbiriyi iwerengedwa ndi a wapampando a dera lathu monga timachitira. Ndinawapempha kuti andipatse malo, ndipo chifukwa chake ndinena. Dzulo madzulo, pamene mayina ankaitanidwa kuti tikafukize lubani mmodzimmodzi, anayamba a Akimitsu, kenako ine, ana athu, adzukulu, asuweni a ku Obihiro amene malemu sakanawazindikira atakumana nawo pamsewu, kenako anansi. Dzina la a Tatsue Uozumi linamveka pambuyo pa bambo amene amatigulitsa gasi. Lero awakhazikanso kumbuyo uko, pafupi ndi khomo pamene pakulowera mphepo. Mayi amenewa akhala ndi achimwene anga zaka zoposa makumi asanu, koma mbiri imene inakonzedwa kuti iwerengedwe pano inalibe dzina lawo ngakhale kamodzi. Dzulo ndinakhala chete ndipo zinandiwawa kwambiri. Lero sindikhala chete.

Malemu anayamba sukulu mu Epulo 1952 ndipo anamaliza sekondale ya zamalonda mu Malichi 1964. Sanali anzeru za m'kalasi, tisanamizane pamaso pa ansembe. Bambo anawaika m'sitolo kuti aphunzire ntchito imene mwana woyamba amalandira, koma achimwene ankayeza chingwe maso ali kudoko. Mu 1966 anakwera sitima ya asodzi yopita kunyanja za kumpoto, ngati wophika. Kumeneko ndi kumene anayamba kudana ndi chakudya chozizira. Ankanena kuti panyanja mbale imazizira ikadali m'manja mwa woibweretsa, ndipo munthu amene wakoka ukonde pachisanu sayenera kupatsidwa chipongwe choterocho.

Mu 1969 anatsika sitima nayamba ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina m'tauni muno. Ndi kumene anaphunzira supakatsu wathuyu: supageti wonenepa pansi, pamwamba pake nyama ya nkhumba yokazinga m'zinyenyeswazi za buledi, msuzi wa nyama yogaya ndi tomato wothiridwa mosaumira, zonse pa mbale yachitsulo yochoka pamoto, yokhazikidwa pa thabwa kuti tebulo lisapse. Sanamuyambitse ndi iwo, ndipo ankakwiya munthu akawapatsa ulemu umene si wawo. Iwo ankangoti anapeza chakudya chimene chimakana kuzizira mpaka foloko yomaliza, ndiye anasankha kukhala nacho.

Mu 1971 anakumana ndi a Tatsue, amene ankakazinga nyama ndi nsomba pa kabenchi ka mayi awo kuseri kwa msika. Bambo a a Tatsue, a Tomeji Uozumi, anamira ndi bwato lawo mu 1963 ndipo mtembo sunapezeke. Manda awo ali paphiri apo, koma mulibe mafupa. Mayi awo anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo. A Tatsue anali mwana yekhayo, ndipo chimene chinatsala cha banja lonse la Uozumi chinali dzinalo ndi iwo amene ankalitenga.

Nonse mukudziwa lamulo lathu: awiri akafuna kulembetsa ukwati kuboma, mmodzi ataye dzina la kwawo. Mu Meyi 1972 malemu anapita ndi a Tatsue kwa bambo kukapempha kuti iwo ndi amene ataye lawo, akhale a Uozumi. Ine ndinalipo, ndinkathira tiyi. Bambo anati, "Mwana wanga woyamba akatenge dzina la msodzi womira? Ndikadali ndi moyo, ayi. Mtsikanayu akhale wa Nukui monga amachitira akazi onse." A Tatsue anawerama mpaka chipumi chinagunda mphasa, nayankha kuti, "Bambo, dzina lanu lili ndi ana atatu olisunga. La bambo anga latsala ndi ine ndekha. Ndikalisiya, amira kachiwiri." Achimwene anamaliza tiyi wawo, nati, "Ndiye aliyense asunge lake. Tiyeni tizipita, a Tatsue, nyama ikutidikira."

Pa 3 Novembala 1972, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene anachita lendi pafupi ndi doko, awiriwa anamwerana mowa wa mpunga wotchedwa sake m'kapu imodzi. Mboni tinali ine ndi asodzi awiri, mmodzi wa iwo a Kurihashi, amene akhala apo ndi ndodo yawo. Limenelo ndi tsiku la ukwati wa malemu, ndipo ndikulinena mokweza kuti amene akulemba alembe. Mwezi womwewo anapachika nsalu pakhomo la nyumbayo, yolembedwa dzina la Uozumi, natsegula malo odyera. Bambo anayamba kuuza makasitomala awo kuti ali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, ndipo sanalowepo pakhomo limenelo mpaka imfa yawo.

Amene munadyako mukudziwa mmene khitchiniyo inkayendera. Kumanzere kunali achimwene ndi supageti, msuzi ndi zitsulo zili pamoto. Kumanja kunali a Tatsue ndi mphika wa mafuta. Achimwene akafuula kuti "Chitsulo," a Tatsue ankayankha kuti "Nyama," ndipo ziwirizi zinkayenera kukumana nthawi yomweyo. Nyama ikafulumira, imafewa podikira. Ikachedwa, supageti amapserera pansi. Ankakangana tsiku ndi tsiku, makasitomala akumva. "Abambo inu, chitsulo chanucho chikugona," ankatero a Tatsue. "Chikudikira nkhumba yanuyo, ikadali kukhola kodi?" ankayankha achimwene. Mbale inkafika patebulo ikuthetheka, msuzi ukudumpha, mwakuti aliyense ankavala epuloni ya pepala, kaya ndi woyendetsa sitima, kaya ndi mphunzitsi wamkulu.

Mu 1977, malire a panyanja atatsekera asodzi athu madzi a kumpoto, mabwato ambiri anamangidwa osatulukanso, ndipo malo odyera a m'kanjira kawo anayamba kutsekedwa limodzilimodzi. Anzawo anawalangiza kuti asamukire ku Sapporo, akaphike zakudya zimene anthu a mataye amakonda. Anakana. Mu 1988 kunabwera wolemba nkhani za zakudya wochokera ku Tokyo. Anadya theka, napukuta pakamwa, nati ichi si supageti, ndi chipongwe kwa anthu a ku Italy. Achimwene anamuyang'ana nati, "Bwana, ku Italy kukadzazizira ngati kuno adzabwera kudzabwereka zitsulo. Malizani, kuno sititaya nkhumba." Munthuyo anamaliza.

Pa chivomezi cha mu Januwale 1993, mphika wa mafuta unapendekera kumene kunaima achimwene. A Tatsue anaugwira ndi manja awo. Zipsera zimene mwaziona m'manja mwawo ndi za tsiku limenelo. Makapu onse anasweka, zitsulo zokha n'zimene zinatsala, ndipo sabata isanathe nsalu inali itapachikidwanso pakhomo. Achimwene ankakazinga okha nyama, a Tatsue atakhala pampando manja ali m'mabandeji, akuwadzudzula pa chidutswa chilichonse.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Bambo anamwalira mu 1991, ndipo anthu anati tsopano njira yatseguka. Achimwene anakatenga chikalata cha ukwati kuboma, okonzeka kukhala a Uozumi. Amene anakana ndi a Tatsue. Anati, "Ine ndinakana kutaya langa chifukwa ndikudziwa kuwawa kwake. Ndikutayitseni lanu bwanji, bambo anu atangoikidwa kumene?" Anagwirizana kuti adzapita kuboma tsiku limene lamulo lidzalole kuti mwamuna ndi mkazi aliyense akhale ndi dzina lake. Anadikira tsikulo mpaka tsitsi linayera, ndipo silinafike. Ana sanakhale nawo. Amene akuti awiriwa anangokhalira limodzi mwachisawawa andiuze ukwati wa m'kaundula umene unalimba kuposa umenewu.

Tsopano ndinene za a Akimitsu, ndipo ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo. Ndi iwo anasenza zimene mwana woyamba anasiya. Anasunga mayi athu ku Sapporo mpaka pamene anamwalira mu 2004, ndipo manda a banja la Nukui amasamala ndi iwo. Katundu ameneyu sanamupemphe, ndipo ndikudziwa kuti anawalemera. Ndi iwonso amene aika a Tatsue kumbuyo, ndipo akuti akungotsata mwambo, kuti amene sali m'kaundula sangakhale kutsogolo. Koma iwe Akimitsu, ine ndinakubereka kumbuyo uli wakhanda, ndiye undimvere. Ogasiti aliyense ukabwera kudzaona manda, unkalowera khomo lakuseri kwa Uozumi kuti abale asakuone. Unkavula jekete, n'kuvala epuloni ya pepala. A Tatsue ankakuchotsera mafuta m'mbali mwa nyama chifukwa cha mtima wakowo. Ine ndinakumva ndi makutu angawa ukunena, pakamwa patadzaza, kuti, "Alamu, onjezani msuzi." Kukhitchini anali alamu. Pamaso pa anthu akhala bwanji mayi a Uozumi, mnansi?

Mu Malichi 2024 malemu anayamba kusiya chakudya m'mbale, chinthu chimene sanachitepo. Kuchipatala anapeza khansa ya m'mimba. Tsiku lotiuza zotsatira, adokotala anaitana ife a magazi amodzi kuti tilowe, a Tatsue n'kuuzidwa kuti adikire pakhonde. Achimwene anatseka makutu ndi manja ngati mwana. Anati, "Adokotala, mimba imeneyi aidyetsa ndi mayi ali panjapo. Sindimva kanthu asanalowe." A Tatsue analowa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi iwo ankawasambitsa, kuwameta ndi kuwatembenuza. Masana ankabwerera kukatsegula malo odyera, chifukwa achimwene ankafunsa tsiku lililonse ngati nsalu yapachikidwa. Kumanzere kwa khitchini ndinaimako ndine, nkhalamba yosadziwa kanthu, ndipo ndadzudzulidwa ndi a Tatsue miyezi imeneyi kuposa mmene anandidzudzulirapo apongozi anga. Malemu anatisiya m'mawa wa pa 14 Januwale 2025, ali ndi zaka 78, dzanja lawo lili m'dzanja la zipsera lija.

Asanamwalire anapempha kuti tiwaikire mbale yawo yachitsulo m'bokosi. A kumalo owotchera mitembo anatiuza kuti chitsulo sichiloledwa, ndipo tinamvetsa. Ndiye a Tatsue anasankha thabwa lake, lakale kwambiri, lakuda pakati pamene zitsulo zakhala zikuliwotcha chiyambire 1972. Lero m'mawa anandipatsira pakhomo paja, atalikulunga m'nsalu, nati, "Alamu, mukandiikireko, ine kutsogolo sindikafika." Ndinalandira, koma sindinaike. Ndi ili ndanyamulali.

M'malo mwa banja ndikuthokoza ansembe a kukachisi kwathu, a wapampando ndi anansi amene akonza malo ano, anamwino amene pamapeto pake anayamba kuwatcha a Tatsue kuti akazi a odwala, ndi asodzi akale amene dzulo anachotsa chipale chofewa pakhomo la Uozumi osatumidwa ndi munthu. Tikachoka kowotchera, chakudya sichikhala cha m'mabokosi ozizira a kuhotela. Tikadya supakatsu ku Uozumi. Alendo ochokera kutali, mukawoloka mlatho mukhotere kudoko, mulowe kanjira ka kuseri kwa nyumba yopangira ayezi, fungo likutsogolerani. Amene akuona kuti nkhumba siyenera pa tsiku la maliro, tiyi alipo. Supageti ndiphika ndine, ndiye akafewa mungodya, osadandaula.

Malemu asiya mkazi wawo, a Tatsue Uozumi. Asiyanso mlongo wawo, ine Mineko, mng'ono wawo a Akimitsu, ana athu asanu ndi adzukulu athu. Ndawerenga mu ndondomeko yake, ndipo lubani tifukiza mu ndondomeko yomweyo.

A Tatsue, alamu anga, nyamukani mubwere mudzatenge thabwa lanu mukaike nokha. Ndapempha ansembe ndipo avomera kudikira. Ine mawondo anga ndi oipa, nonse mukudziwa, koma sindikhala pansi mpaka mutafika kuno. Musagwedeze mutu. Munagwira mphika wa mafuta owira ndi manja, simungalephere kudutsa pakati pa mipando. A Kurihashi, zikomo powagwira mkono. Apatseni njira kumeneko.

Ndikuona a Akimitsu aimirira pampando wa eni maliro. Nenanso mokweza, mlongo wanga, akumbuyo sanamve. Mwamva nonse. Wati, "Alamu, khalani apa," ndipo lero pakamwa pake palibe chakudya.

Achimwene, akazi anu afika. Usani mumtendere, zitsulo tikaika pamoto ndife.