Wisiki wa Zaka Khumi ndi Ziwiri

Dzuwa lisanafike pamutu, Mavis anali atatunga kale ndowa zinayi kumjigo, atachapa matewera a Pemphero, atasesa bwalo kawiri, atathamangira kudoko kukagula utaka wokazinga pageni yake, atapha tambala, komanso atakumba dzenje kuseri kwa khitchini. Linali Loweruka, tsiku lobwera amalume ake, a Lenard a ku Chitala, kudzaona ndi maso awo ngati mwana wa mlongo wawo akudya bwino kuchitengwa. Anali atanenetsa kuti akapeza zamasewera, Mavis abwerera kwawo, ndipo mwamuna wake Gerson akalowa chikamwini. Mavis sankafuna kusiya geni ya nsomba. Gerson naye, woperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay, khasu analitsanzika ali sitandade sikisi ndipo sankalilota n'komwe.

Gerson anatulukira thukuta lili kamukamu, atagona kuntchito masiku awiri chifukwa kunali ukwati.

"Make Pemphero! Nyama ija waphika?"

"Iti?"

"Iti bwanji? Mwendo wa nswala uja anandipatsa akhukhi Lachiwiri. Uja ndinapachika kudenga la khitchini."

"Ndaukwirira."

Gerson anaima, nsapato imodzi ili m'manja. "Wautani?"

"Ndaukwirira. Dzenje lake ndi ilo, pafupi ndi papaya."

"Nswala? Nyama imene amalume sanaionepo chibadwire?"

"Inali nswala Lachiwiri. Lachinayi kunabwera ntchentche. Dzulo kunabwera a Ruth a nyumba iyo kudzafunsa ngati kwatifera khoswe padenga."

"Iwe, nyama yam'tchire imapachikidwa! Ku loji timaipachika sabata yathunthu kuti ifewe. Azungu amalipirira kafungo komweko."

"Mumaipachika pati?"

"M'chipinda."

"Chotentha ngati khitchini yathu mu Okutobala muno?"

"Chozizira." Gerson anakanda m'mutu. "Koma mfundo ndi yomweyo."

"Kufewa inafewadi, pamenepo sinditsutsa. Ndimati ndiigwire, chala chinalowa."

"Ndiye kupsa kwakeko! Inali itangofika pake!"

"Bambo a Pemphero, ine nditapita pamsika lero ndi chambo cha Lachiwiri, n'kumakuwa kuti bwerani, chafewa, angagule ndani?"

"Chambo si nswala."

"Ntchentche sizinasiyanitse."

Gerson anavula nsapato inayo n'kuiponya pakhonde. "Ndiye amalume adya chiyani?"

"Tambala."

"Tambala wanga uja amandidzutsa?"

"Muzidzuka ndi foni."

"Nkhuku! Munthu achoke ku Chitala konse kuja kudzadya nkhuku, ngati kwawo kulibe? Ine ndimafuna akafika kumudzi akanene kuti mkamwini wathu amadya zimene amadya mabwana."

"Akanadya ija sakanafika kumudzi."

"Basi, basi. Nyama yapita. Koma botolo lilipo. Botolo lija unalisamala?"

"Munati lisasweke. Silinasweke."

Botolo limeneli linali la wisiki. Mzungu wina pochoka ku loji anamusiyira Gerson atangomwako pang'ono, ndipo chifikire nalo kunyumba Gerson ankaliyang'ana ngati satifiketi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atalinyamula ndi manja awiri.

"Taona maonekedwe ake. Ngati uchi."

"Zoona."

"Ukuiona nambala iyi? Thwelofu. Ukudziwa tanthauzo lake?"

"Nambala ndimawerenga. Chizungu chinacho ndinawapempha a madamu Agape a kusukulu andiwerengere. Akuti mowawo unakhala mumgolo zaka khumi ndi ziwiri."

"Eyaa!"

"Ndiye ndinati mayo ine, mzungu uja alibe chisoni. Munthu wamunyamulira mbale sabata yonse, iye n'kukupatsani mowa wofulidwa ine ndili sitandade fili?"

"Ndiye ubwino wakewo!"

"Thobwa likagona masiku atatu sindimupatsa mwana. Kusikelo amatiuza kuti chinthu chikapitirira masiku ake, tayani."

"Wisiki si thobwa. Akamakalamba ndi pamene amakoma."

"Ngati nswala ija?"

"Usaitchulenso nswala." Gerson anakweza botolo kuloza kudzuwa, n'kutsinzinira diso limodzi. "Koma ngati wawonjezekera? Anali apa, tsopano wafika m'khosi."

"Wafikadi."

"Ndi kutentha. Wafufuma. Waona? Mowa wamoyo umenewu."

"Bambo a Pemphero, m'botolomo…"

"Khala chete uphunzire. Ndiyeserere kaye, amalume akafika ndisachite manyazi. Tambula!"

Mavis anakatenga tambula, n'kuitsuka, n'kupereka ndi manja awiri. Mwamuna akati khala chete uphunzire, ndipo iwe sukulu unalekeza panjira, umakhala chete n'kuona kuti maphunzirowo akathera kuti. Chimene ankadziwa n'chakuti zaka zitatu zonse akunyamula wisiki pathileyi, Gerson anali asanalawepo ngakhale dontho. Ankangodziwa mmene alendo amachitira nkhope.

Anapendeka botolo. Zam'katimo zinatsika mwaulesi, ngati zikukakamizidwa.

"Akutsika mochedwa," anatero Mavis.

"Nkhalamba sithamanga."

Anazunguza tambula katatu, n'kulowetsamo mphuno, maso ali chitsinzinire.

"Mukumva chiyani?"

"Azungu amati amamva utsi, nkhuni ndi zipatso."

"Ine ndafunsa inuyo."

Gerson ananunkhizanso. "Mpendadzuwa. Chapatali."

"Mphuno yanu ndi yabwino."

"Zaka zitatu pantchito, iwe. Si masewera."

Anamwa. Anasunga m'kamwa monga amachitira alendo, masaya ali tuu. Maso anatseguka okha. Kenako anameza, kholingo n'kukwera, n'kutsika, n'kukweranso.

"Bwanji?"

"Ndi… wosalala."

"Ee?"

"Amatero azungu. Wabwino sakanda pakhosi. Amangotsetsereka."

"Ameneyo sangakande."

"Wotchipa ndi amene amawotcha. Uyu ndi wapamwamba, safuna phokoso."

"Milomo yanu ikunyezimira."

"Ndi ukalamba wakewo." Pofuna kuonetsa kuti akudziwa chimene akunena, anamwanso, kochuluka kuposa koyamba. Misozi inalengeza.

"Musamalize," anatero Mavis. "Otsalawo ndikazingira utaka."

"Ukazingira chiyani?"

"Utaka. Ndi mafuta ophikira amenewo. Chigubu changa chabooka m'mamawa, ndiye ndinaona botolo labwino, chitsekerero chake chogwira."

Gerson anayang'ana tambula, n'kuyang'ana mkazi wake, n'kuyang'ananso tambula. "Bwanji sunanene?"

"Munati ndikhale chete ndiphunzire. Ndaphunzira."

"Wisiki wanga ali kuti?"

"Ndinamununkhiza kaye, sindinangochita zaphuma. Fungo lake ndi la sipiriti ya kuchipatala, ija ankapukutira mchombo wa Pemphero. Ndiye ndinati kumwa sangamweke, koma mankhwala satayidwa. Theka ndinatsukira nyama ija, kuti mwina ingachire."

"Inachira?"

"Mphutsi ndi zimene zinasangalala."

"Mulungu wanga! Theka linalo?"

"Ndayatsira mbaula. Koma nde amayaka, bambo a Pemphero! Kamtengo ka machesi kamodzi basi, moto kuti lawi! Wabuluu. Pamenepo mzungu uja ndinamukhululukira pang'ono."

"Wayatsira mbaula."

"Tambala wapsa msanga. Mudzandibweretsere wina, mapepala apulasitiki amandikhosomoletsa."

Gerson anakhala pamtondo pang'onopang'ono, tambula ikadali m'manja. Anatola chitsekerero cha botolo n'kuchikweza.

"Make Pemphero, ukuchiona ichi?"

"Chitsekerero."

"Ku loji tikathira kawiri muno, mlendo amalipira ndalama ya ndowa ya usipa."

"Musandiseke."

"Ndowa. Ija ya faifi lita."

"Yodzaza?"

"Yosendera."

"Mowa wowola?"

"Wowolawo."

Mavis anatembenuka kuyang'ana mbaula. Makala anali ngwee, akuyaka mosangalala.

"Nanga m'botolo monse muli zitsekerero zingati?"

"Usawerenge."

Koma anali atayamba kale. Zala zake zinatha, n'kupisa dzanja kumbuyo kubwereka zakuphazi za Pemphero, amene anali m'tulo kumsana. Nazonso zinatha. Anakhala pansi pafumbi, chitenje chochapa chomwecho.

"Ndiye kuti tambala mmodzi ndamuphika ndi ndowa khumi za usipa."

"Khumi zinazo wasambitsira mphutsi."

"Iii, ine mwana wa eni! Ine amene ndimakangana ndi asodzi chifukwa cha nsomba ziwiri za basera! Bwanji simunanene kuti ndi katundu?"

"Ndinati usamale!"

"Munati botolo!"

"Munthu akati samala poto, umataya ndiwo?"

"Zikakhala za zaka khumi ndi ziwiri, ee!"

"Ndi mowa wolemekezeka!"

"Ulemu sindikuufuna, ndikufuna ndowa zanga! Tikanagulitsa tikanakhoma malata khitchini iyi!"

"Ndimati amwe amalume!"

"Amalume? Amwe mowa? Amalume amene chaka chatha…"

Belu la njinga linalira kuseri kwa mpanda. Wakabaza anaima, ndipo a Lenard anatsika ndi jekete yawo ya Lamulungu, ambulera kumanja, Baibulo m'khwapa. Chaka chatha anali atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, nkhani imene Gerson sanaimve chifukwa Mavis akamanena za ku Chitala, iye ankakhala akufotokoza za ku loji.

Anapatsidwa mpando, analonjerana, anafunsana za kumudzi. Koma maso a mlendo sanachoke pabotolo, ndiponso patambula imene Gerson ankayesa kubisa kuseri kwa bondo.

"Mkamwini," anatero a Lenard, "ndinamva kuti mumagwira ntchito pamalo a mowa. Ndinauza anthu kumudzi kuti ndikaupeza m'nyumba, mwana ndibwerera naye lero lomwe. Tabweretsani icho."

Gerson anapereka tambulayo. A Lenard ananunkhiza. Anaviika chala, n'kulawa.

"Mafuta?"

"Mafuta, amalume."

"Ophikira?"

"Ophikira."

"Mukumwa?"

Gerson anayang'ana Mavis.

"Amwa kawiri," anatero Mavis. "Akuti ndi osalala."

"Ha!" A Lenard anaomba m'manja kamodzi. "Ife ku Chitala tikugula a m'kachubu, kudontheza m'ndiwo ngati mankhwala a m'maso. Inu kuno mukumwera m'tambula, masanasana, munthu atangochoka kuntchito? N'chifukwa chake nkhope yasalala chonchi! Ayi, mwanayu akhale konkuno. Ndikamutenga ndikamupatsa chiyani ine?"

Anadya tambala mpaka mafupa, anayamikira kuti wapsa bwino ngati waphikidwa pamoto wina wake, anapemphera pemphero lalitali lothokoza chifukwa cha mabanja osaledzera. Ponyamuka analoza botolo ndi ambulera.

"Popeza kuno ndi akumwa, awa ndikawapatse azakhali anu akaphikire."

Mavis anakulunga botolo m'nyuzipepala ndi manja ake omwe, akumwetulira ndi mano okha.

Njinga itazimiririka, anakhala pakhonde n'kuwerengera za tsikulo. Mwendo wa nswala uli m'dzenje. Wisiki theka lili m'dzenje momwemo, theka linalo lasanduka phulusa. Tambala wapita ku Chitala m'mimba mwa amalume, mafuta apita ku Chitala pakaliyala, botolo lomwe. Utaka wa geni wakhala wosakazinga, wangouyanika pathandala. Chotsala ndi ukwati, chitsekerero cha chigubu chobooka, ndi mwamuna amene kuyambira thuu koloko anali atalowa kuchimbudzi kachinayi.

"Make Pemphero!" mawu anachokera komweko, ofooka.

"Ndili pano."

"Unanena zoona. Kuyambira lero m'nyumba muno tizidya zalero zokhazokha. Za azungu zija ndasiya."

Mavis anayang'ananso mbaula.

"Inu idyani zalero. Koma mzungu wina akakusiyirani botolo, mumufunse ngati alibe lowola kuposa lija."