Mkazi Wam'galaja

A Burashi, amene chipumire pa ntchito yoyendetsa basi anasandutsa galaja yawo malo ojambuliramo zithunzi ndi utoto, anajambula nkhope ya akazi awo kuti awapatse ngati mphatso pa phwando lokumbukira kubadwa kwawo. Alendo atadzaza kale pabalaza, anakokera m'galajamo mlamu wawo, a Chidindo, mlongo wa akazi awowo, munthu amene wakalambira ku ofesi ya ziphaso akufananiza nkhope ndi zithunzi, ndipo chibadwire sanamvepo nthabwala n'kuizindikira.

"Tsekani chitseko, alamu," anatero a Burashi akuvundukula nsalu. "Miyezi itatu mlongo wanu akundinena kuti ndinakwatira galaja. Lero achita manyazi. Eya, nenani."

A Chidindo anavala magalasi. Anayandikira, anabwerera m'mbuyo, n'kuyandikiranso.

"Ndani ameneyu?"

"Aa, alamu. Mlongo wanu mwamuiwala?"

"Achemwali sindinawaiwale, ndangowapatsa moni pabalazapo. Ndikufunsa za mayi awa."

"Ndi omwewo."

"Iyayi. Diresi ndi ya achemwali. Ndolo ndi za achemwali. Dukuyo ndinawagulira ndine. Koma wavala zimenezi ndi munthu wina. Ndiye funso langa loyamba ndi lakuti, zovala za achemwali anazipeza bwanji?"

A Burashi anaseka kaseko kaulesi, ka munthu amene akumvera chisoni mbuli.

"Vuto lanu inu munazolowera tizithunzi ta paziphaso, toti munthu amaoneka ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba. Ichi ndi luso, alamu. Utoto wamadzi uwu."

"Madzi sindikukangana nawo. Achemwali anakhala pampando uti?"

"Sanakhalepo. Mphatso amaulula?"

"Ndiye anakhalapo ndani?"

"Palibe."

"Alamu, ine ndajambula anthu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Aliyense amabwera ndi mutu wake, n'kukhala pampando. Sindinaonepo chithunzi chodzibwerera chokha."

"Ine ndajambula za mumtima," anatero a Burashi akudziguguda pachifuwa, n'kusiyapo kadontho ka utoto wofiira pamalaya a phwando.

"Ohoo." A Chidindo anatulutsa kabuku ndi cholembera m'thumba. "Ndiye kuti mumtima mwanu muli mayi wa mphuno ngati iyi. Achemwali akudziwa?"

"Adziwe chiyani?"

"Zoti mumtima munalowa anthu ena."

"Koma inu mutu wanu umagwira? Bwezani kabukuko."

"Tiyeni tiyambe ndi zapafupi. Chipsera cha achemwali chili mbali iti?"

A Burashi anatsegula pakamwa. Anayang'ana kudenga, ngati kuti yankho analisiya pamtanda wa malata.

"Chipsera chanji?"

"Anagwa pa njinga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinawakankha ndine. Mbali iti?"

"Kumanja."

"Kumanzere, pamwamba pa diso."

"Ndimanena kumanja kwa woyang'anayo."

"Woyang'anayo mwakhala muli inu zaka makumi atatu, ndipo pachithunzipa palibe kumanja, palibe kumanzere."

"Ndinachichotsa dala. Waluso amakongoletsa."

"Mwachotsa chipsera n'kuikapo njerewere pambali pa mphuno. Kukongoletsa kwake n'kumeneko? Nanga mpata wa pakati pa mano wachokera kuti? Kwathu kulibe wa mpata. Ngakhale agogo atatha mano, otsalawo anali ogundana."

"Pamenepo burashi inaterereka."

"Inatererekanso pamakutu onse awiri mofanana? Makutu awa ndi a munthu, alamu. Munthu amene alipo, amadya, amayenda. Ndipo ndikuuzeni, nkhope iyi ndinaionapo."

"Inde munaionapo, ndi mlongo wanu."

"Ayi. Mayina ndimaiwala, ana anga omwe ndimawasokoneza, koma nkhope sindiiwala. Loweruka lililonse mumapita kukaphunzira kujambula. Mphunzitsi wake ndi mayi?"

"Ndi bambo wa dazi."

A Chidindo analemba. "Mayi amene mumakagulako maluwa oti muzijambula?"

"Amene aja ndi msinkhu wa amayi anga."

"Sindinafunse msinkhu. Nesi amene amakuyezani kuthamanga kwa magazi?"

"Alamu, mukufuna kuti magaziwo athamange pompano?"

Pabalaza wina anakuwa kuti keke ikudikira, ndipo ana ayamba kuibowola ndi zala. A Burashi anayankha kuti akubwera. Kunena zoona, mantha anali atawagwira ndithu. Kungoti munthu wamakani amalola kufa mawu akuti ndalakwa ali pakhosi.

"Chabwino," anatero a Chidindo, "tipulumutse banja kaye, mlandu tikamba mawa. Fufutani mphunoyo."

"Utoto wamadzi safufuta. Ukauma wauma. Mukaukhudza ndi madzi nkhope yonse isanduka thope."

"Thope lili bwino. Thope achemwali sangalichitire nsanje."

"Simukhudza."

"Nanga utoto wokhuthala uwu?"

"Akiriliki ameneyo. Amaphimba chilichonse."

"Basitu. Pakani maluwa kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, musiye ndolo zokha. Muwauze kuti achemwali abisala kuseri."

"Inu nomwe munati maluwa anga amaoneka ngati kabichi."

"Ndinatero, ndipo sindinasinthe maganizo. Koma kabichi sanathetsepo banja la munthu."

"Ayi."

"Ndiye apatseni chithunzi cha phiri chili pakonacho. Phiri ngakhale mulilakwitse silibwera kudzafunsa."

"Ndati ayi. Miyezi itatu ndakhala pa nkhope imeneyi. Mthunzi wa pansi pa chibwanowo wokha unanditengera sabata. Taonani mmene khosi lakhalira."

A Chidindo anawerama. Anapukuta magalasi ndi tayi, n'kuyang'ananso.

"Alamu, mayi ameneyu ali ndi kafupa pakhosi."

"Ndi mthunzi."

"Mthunzi wosongoka? Ndipo pachibwanopa pakuoneka mobiriwira, ngati pometa."

"Kuwala kumeneko. Inu za kuwala mungazidziwe? Ku ofesi kwanu mumangothwanimitsa anthu m'maso."

A Chidindo anatseka kabuku kaja n'kukabweza m'thumba, pang'onopang'ono, monga amachitira akamabweza munthu amene wabwera ndi mapepala osakwana.

"Ine ndikupita kukawauza achemwali ndekha. Bola amve kwa mlongo wawo kukhitchini, kusiyana n'kuti mkazi mnzawo amuonere pagulu, atavala ndolo zawo, anthu akuombera m'manja."

A Burashi anathamangira kuchitseko n'kutambasula manja. Chipewa chawo chopendekera, chimene anagula tsiku limene anadzitcha waluso, chinatsetserekera pakhutu.

"Simutuluka."

"Ndipatseni dzina."

"Kulibe dzina."

"Nambala ya chiphaso ikwanira."

"Alamu, ndikulumbira pa ana anga, m'galaja muno simunalowepo mkazi. Ngakhale mlongo wanuyo ndinamuletsa. Miyezi yonseyi tinali awiri basi, ine ndi galasi ilo."

"Galasi?"

Analoza kukhoma. Pakati pa matayala akale ndi zitini za utoto panapachikidwa galasi lalikulu loonera m'mbuyo la basi, limene a Burashi anachoka nalo kuntchito osatsanzika.

"Mphunzitsi anati ukasowa wokhala pampando, uziyang'ana pagalasi kuti uone mmene mthunzi umagwera pankhope. Ndimangoonera mithunzi. Zinazo ndimakumbukira ndekha."

"Mukaiwala mphuno ya achemwali mumatani?"

"Ndimasuzumira pang'ono. Mphuno ndi mphuno."

"Makutu?"

"Khutu lili ndi mwini ngati?"

"Osapita pabalaza kukawayang'ana eni akewo bwanji? Ndi mapazi khumi okha."

"Ndiwayang'ane chifukwa chiyani? Mkazi wanga ndimamudziwa."

A Chidindo anakoka kampando kokhala ndi madontho a utoto n'kukaika pambali pa chithunzi. Mawu awo anasintha, anakhala a kuntchito.

"Khalani apa."

"Alendo akudikira."

"Khalani. Chotsani chipewa. Magalasinso. Wongolani khosi. Yang'anani kutsogolo."

"Zamisala zanji izi?"

"Musalankhule. Phimbani ndevu za pamwamba pa mlomozo ndi dzanja. Tsopano onetsani mano."

A Burashi anaonetsa mano, osati chifukwa chomvera, koma chifukwa anali atakwiya. A Chidindo anatenga nsalu yovundikira chithunzi ija n'kuwamanga nayo kumutu, mfundo kumbuyo. Anabwerera mapazi atatu. Anayang'ana pepala, anayang'ana mlamu wawo, n'kuyang'ananso pepala. Kenaka anapumira m'mwamba ngati munthu amene wapeza fayilo yotayika.

"Ndamupeza. Mphuno, njerewere, mpata, makutu, kafupa. Akanabwera ku ofesi ndikanadinda osafunsa kawiri."

"Mwapeza ndani?"

"Tembenukirani kugalasi lanulo."

A Burashi anatembenuka. Mayi wa pachithunzi uja anawayang'ana m'galasimo, duku kumutu, dzanja kukamwa. Kunja kwa chitseko kunamveka masilipasi a akazi awo, amene anawadziwa bwino, akubwera mosafulumira, ndipo kenaka kugogoda.

"Ndiye mwaonatu," ananong'ona a Burashi, akulimbana ndi mfundo ya nsalu imene inakana kumasuka. "Chibwenzi palibe. Mundipepese."

A Chidindo anapukusa mutu mwachisoni, dzanja lili kale pachitseko.

"Bola chikanakhala chibwenzi, alamu. Chibwenzi chimatha."