Ndinkaona Kazitape mwa Aliyense

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Aleluya!

Dzina langa ndine Esinati. Ndinafika kuno ku Birmingham mu 1991 kudzaphunzira mbiri yakale pa yunivesite. Aphunzitsi anandipatsa mutu woti ndifufuze: osula misomali a ku Dudley m'zaka za m'ma 1800, momwe ankaukira mabwana awo, ndi maganizo a sosholizimu, oti fakitale ikhale ya ogwira ntchito. Abale, kwathu nthawi imeneyo buku la nkhani zotere linkamangitsa munthu. Ine ndinati, kuno n'kutali.

Kutali kuti!

Loweruka lina anzanga a kumudzi anabwera kudzacheza kuchipinda kwanga ku Sparkhill. Mmodzi anatola buku patebulo, nati, "Achemwali, mwayamba ndale?" Tonse tinaseka. Posakhalitsa ndinamva kuti achimwene anga, aphunzitsi ku Dedza, atengedwa ndi apolisi. Ankawafunsa za mlongo wawo wa ku Mangalande.

Ananena ndani? Ndani, abale? M'mabuku omwewo ndinkawerenga kuti mabwana ankalowetsa akazitape m'misonkhano ya ogwira ntchito. Ndinati, ndi zomwezi. Kutchalitchi ndinasiya. Munthu akandipatsa moni m'Chichewa m'basi, ndinkatsika. Foni ikalira, ndinkangoiyang'ana. Chakudya cha Mmalawi, ayi! Ndinaonda, tulo tinathawa, mpaka ndinakomoka mu laibulale.

Ndinatsitsimukira m'chipatala. Nesi wake anali Mayi Zulu a ku Chipata. Atandilankhula m'Chinyanja, ndinatembenukira kukhoma.

"Wakutumani ndani?" ndinawafunsa.

"Mwananga, wandituma ndi sisitala woyang'anira manesi m'wodi ino. Winayo ndi Yesu."

Ndinakana phala lawo. Anatenga supuni, nadya okha kaye ndikuona, kenaka anandipatsa. Ndinalira, abale. Ndinalira! Anandigwira dzanja napemphera, natchula achimwene anga ngati mwana wawo. Nditatuluka, ndiwo anandikokera mumpingo uno. Ndinakhala pafupi ndi khomo, maso pa aliyense.

Achimwene anatulutsidwa mu 1993, mano ena atawachotsa, koma amoyo. Mulungu ndi wabwino! Digiri ndinamaliza. Lero ndimaphunzitsa mbiri ku Small Heath, ndili pabanja, tili ndi mwana.

Sindinama, ndimachewukabe. Amene anandineneza sindikumudziwa mpaka lero. Mwina ali muno. Ngati ulipo, mbale wanga, ndatopa kukufunafuna. Ndakusiya m'manja mwa Yesu. Zikomo Ambuye. Ameni.