Khoma lonyowa la ku Nthalire

Kale, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi, agogo anu aamuna anawatumiza kukakhala mphunzitsi wamkulu ku Nthalire, ndipo ife a ku Ntcheu tinakafika mvula ili pakati, n'kupatsidwa nyumba ya njerwa yakalekale imene pabalaza pake panalinso ofesi ya sukulu. Inu adzukulu, amene mukupaka penti pakhoma lonyowa la nyumba ino, taimani kaye mumve.

Khoma la pabalazapo linkanyowa kuyambira pansi mpaka m'chiuno, pulasitala ikufufuma, nkhungu ili bii, ndipo mayi anu Esime, ali khanda, chifuwa sichinkawachoka. Agogo anu analigogoda khomalo n'kunena kuti, "Mayi a Esime, denga lilibe mlandu. Likanakhala lodontha, chinyezi chikanayambira kumwamba. Madziwa akukwera kuchokera pansi." Zoonadi, kunja kunali dothi lounjikana kukhoma, ndipo madzi a pamalata ankangodikha pomwepo.

Anakumba ngalande, anachotsa dothi lija, kenako anayamba kugumula pulasitala kuti njerwa zipume asanapake njereza. Koma pakhomapo panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, monga zinalili mu ofesi iliyonse, ndipo poopa fumbi anachitsitsa n'kuchitsamiritsa pansi, nkhope itayang'ana kukhoma.

Chakudza sichiimba ng'oma. Anatulukira wapampando wa chipani wa m'deralo, munthu amene tinkadya naye mbale imodzi. "Monire, asambizgi," anawalonjera aphunzitsiwo m'chiyankhulo cha kumeneko, maso ali pachithunzi. Madzi amene ndinamupatsa sanamwe.

Patapita masiku atatu kunabwera galimoto ya apolisi kudzawatenga agogo anu, ati mwanyoza boma. Ndinagwada ine, ndinawalozera khoma, ndinawaonetsa mwana, koma ndani akanamva za chinyezi? Zimandiwawabe, musandione kuseka.

Anabwerako patatha zaka ziwiri akutsokomola magazi, poti kumene anawatsekerako ankagona pasimenti yonyowa, ndipo chaka sichinathe tinawaika m'manda. M'nyumba muja n'kuti mutalowa kale mphunzitsi wina, amene ankauza anthu kuti iye ndi wamwayi, khoma lake n'louma gwa.

Ndiye adzukulu anga, penti sichiza khoma. Kumbani ngalande, gumulani pulasitalayo, njerwa zipume. Chithunzi chili apocho n'cha agogo anu. Chitsitseni muchiike pansi bwinobwino, palibe amene abwere kudzakutengani.